Masukulu a zamalonda ndi utsogoleri ku Chipata: mbiri yake ndi zoyenera kudziwa

Mzinda wa Chipata, likulu la chigawo cha kum'mawa m'dziko la Zambia, wakhala malo a malonda kwa zaka zoposa 100. Koma kwa nthawi yaitali mwana wa m'chigawochi amene anafuna kuphunzira kayendetsedwe ka bizinesi anayenera kukwera basi kupita ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 570, kapena kupitirira mpaka ku Kitwe.

Masiku ano maphunzirowa ayandikira. Yunivesite ya DMI-St. Eugene, imene inakhazikitsidwa ndi gulu la masisitere a Chikatolika ochokera ku India, inatsegula nthambi yake ku Chipata ndi kuyamba kupereka maphunziro a zamalonda ndi a makompyuta. Sukulu ya ntchito zamanja ya Chipata Trades Training Institute imaphunzitsanso luso loyambitsa bizinesi, monga momwe malamulo a masukulu otere amafunira. Ku Katete kuli koleji ya boma yophunzitsa kagulitsidwe ka mbewu, yotchedwa Katete College of Agricultural Marketing.

Kutsegulidwa kwa masukulu otere kumakhudza mabanja ambiri. M'chigawo chimene kalembera wa mu 2022 anapeza anthu oposa 2.4 miliyoni, ambiri a iwo alimi, ndalama ya fizi imachokera ku matumba a chimanga, nshawa, soya kapena ng'ombe yogulitsidwa. Kholo limene lagulitsa ng'ombe liyenera kudziwa chimene likugula.

Kodi sukulu ya zamalonda n'chiyani?

Sukulu ya zamalonda ndi sukulu, kapena nthambi ya yunivesite, yophunzitsa kayendetsedwe ka makampani, mabungwe ndi ndalama. Ophunzira amalandira satifiketi, dipuloma kapena digiri. Anthu amene ali kale pa ntchito amabwerera kukatenga digiri yapamwamba yotchedwa MBA.

Sukulu yakale koposa ya mtunduwu imene ikalipo ndi ESCP ya mumzinda wa Paris, m'dziko la France, imene inatsegulidwa mu 1819. Ku America, sukulu ya Wharton inayamba mu 1881, ndipo ya Harvard inayamba mu 1908. Sukulu ya Harvard ndiyo inatchukitsa njira yophunzitsira ndi nkhani zenizeni za makampani. Ophunzira amapatsidwa vuto limene kampani ina inakumana nalo, ndipo amafunsidwa chimene akanachita akanakhala pampando wa mkulu wa kampaniyo.

Poyamba masukuluwa anali kukonzekeretsa anthu oti akalembedwe ntchito m'makampani aakulu. Phunziro la kuyambitsa bizinesi yatsopano linabwera pambuyo pake. Ku Harvard linayamba kuphunzitsidwa mu 1947.

Maphunziro awiriwa ndi osiyana. Woyendetsa kampani amasamalira chinthu chimene chilipo kale, chokhala ndi antchito, makasitomala ndi ndalama ku banki. Woyambitsa bizinesi amayamba ndi ganizo ndi mpamba wochepa, ndipo ayenera kudzipezera yekha makasitomala oyamba. Masukulu atsopano amati amaphunzitsa zonse ziwiri, kuwonjezerapo utsogoleri, kutanthauza luso loyang'anira anthu ndi chuma cha ena mokhulupirika.

Malonda a ku Chipata masukulu asanabwere

Tauni ya Chipata inayamba ndi dzina la Fort Jameson mu 1899, patangopita chaka chimodzi asilikali a kampani ya British South Africa atagonjetsa Angoni a Mfumu Mpezeni. Inali likulu la dziko la North-Eastern Rhodesia mpaka mu 1911.

M'zaka zimenezo malo aakulu anali m'manja mwa kampani ya North Charterland, ndipo alimi achizungu anali kulima fodya. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 kunafikanso amalonda ochokera ku Gujarat, m'dziko la India, amene anatsegula masitolo m'tauni ndi m'midzi. Dera la masitolo lotchedwa Down Shops likusungabe mbiri imeneyi.

M'mabanja a amalondawa sitolo inali ngati sukulu. Mwana anaphunzira kuwerengera katundu, kulemba ngongole ndi kukambirana mtengo ali kuseri kwa kauntala ya atate ake. Eni dziko ambiri sanapeze mwayi wotere. Amuna anali kupita kukagwira ntchito ku minda ya ku Southern Rhodesia, ku migodi ya ku South Africa ndi ya ku Copperbelt, ndipo otsala m'midzi anali kulima ndi kugulitsa mbewu pa mtengo woikidwa ndi ena.

Njira yoyamba imene alimi a kum'mawa analowera m'malonda aakulu inali ya makopaletivu. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, magulu a alimi a ku Petauke, Katete ndi madera ena anayamba kusonkhanitsa ndi kugulitsa nshawa ndi chimanga pamodzi. Magulu amenewa anafuna alembi, osunga chuma ndi oyang'anira madepo, ndipo maphunziro oyamba a zamalonda m'chigawochi anabadwa chifukwa cha kusowa kumeneku.

Ufulu ndi kusowa kwa oyendetsa makampani

Pamene Zambia inalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, nzika zokhala ndi digiri ya ku yunivesite zinali pafupifupi 100 zokha. Koleji ya Evelyn Hone ku Lusaka inali itangotsegulidwa mu 1963, ndipo University of Zambia inayamba kulandira ophunzira mu 1966.

Mu January 1965, pa msonkhano wa ku Chifubu mumzinda wa Ndola, mtsogoleri woyamba wa dziko, Dr. Kenneth Kaunda, anapempha anthu kuti apange makopaletivu. Magulu ambirimbiri analembetsa ndi kulandira thandizo la boma, koma ochuluka anagwa patangopita zaka zowerengeka. Chimodzi mwa zifukwa zazikulu chinali kusowa kwa anthu odziwa kusunga mabuku a ndalama ndi kuyendetsa gulu.

Mu April 1968, ku Mulungushi pafupi ndi Kabwe, Dr. Kaunda analengeza kusintha kwa kayendetsedwe ka chuma. Boma linatenga magawo 51 pa 100 alionse m'makampani angapo aakulu, ndipo malonda a masitolo m'madera ambiri anasiyidwa kwa nzika za Zambia zokha. Anthu amene sanasungepo buku la sitolo anapezeka ali eni masitolo, ndipo makampani a boma anafuna mamanijala ambiri pa nthawi imodzi.

Pofuna kuthetsa vutoli, boma linatsegula masukulu. Sukulu ya zamalonda ya University of Zambia inaikidwa ku Kitwe, ndipo mu 1987 inakhala mbali ya Copperbelt University. Mu 1989 kunakhazikitsidwa Zambia Centre for Accountancy Studies ku Lusaka, yophunzitsa akatswiri owerengera ndalama. Masukulu onsewa anali m'mbali mwa njanji, kutali ndi chigawo cha kum'mawa, ndipo cholinga chawo chachikulu chinali kutulutsa anthu oti alembedwe ntchito.

Chilembo chimodzi chimene chinawonjezedwa

Zinthu zinatembenuka mu 1991 pamene boma la a Frederick Chiluba linatsegula msika. Lamulo logulitsa makampani a boma linakhazikitsidwa mu 1992. Ku Chipata, fakitale ya njinga ya Luangwa Industries inachoka m'manja mwa boma, ndipo makina ochotsa njere za thonje a kampani ya boma ya Lintco anagulidwa ndi kampani ya Clark Cotton. Makopaletivu aakulu monga Eastern Co-operative Union, amene anali kugula mbewu ndi thandizo la boma, anafooka.

Anthu zikwizikwi m'dziko lonse anachotsedwa ntchito. Ambiri analandira ndalama zawo zomaliza ndi kutsegula tuntemba, kugulitsa salaula kapena kugula minibasi. Amene sanadziwe kusiyanitsa mpamba ndi phindu anadya zonse ziwiri.

Apa ndi pamene boma linaona kuti kuphunzitsa munthu ukalipentala kapena umakaniko sikokwanira ngati palibe kampani yomulemba ntchito. Mu 1996 linatulutsa ndondomeko yatsopano ya maphunziro a ntchito zamanja, ndipo mu 1998 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lokhazikitsa bungwe la TEVETA.

M'maiko ambiri maphunzirowa amafupikitsidwa kuti TVET. Ku Zambia anawonjezera chilembo cha E pakati, chimene chimaimira luso loyambitsa bizinesi. Kuyambira pamenepo, wophunzira zomanga nyumba ku Chipata Trades kapena zaulimi ku Ukwimi Trades amayenera kuphunziranso kuwerengera mtengo wa ntchito yake ndi kufunafuna makasitomala. Dziko la Malawi nalo lili ndi bungwe la dzina lomweli.

Masukulu atsopano m'Zambia ndi m'maiko ena

Kuyambira zaka za m'ma 2000 masukulu a zamalonda achuluka. University of Lusaka inayamba mu 2007. Mulungushi University inatsegulidwa mu 2008 pafupi ndi Kabwe, pamalo pamene panali koleji yophunzitsa kayendetsedwe ka ntchito ndi chitukuko. University of Zambia nayo inakhazikitsa sukulu yake ya madigiri apamwamba a zamalonda. Ambiri mwa masukuluwa amaphunzitsanso anthu okhala kutali kudzera pa intaneti ndi m'makalasi a nthawi ya tchuthi, motero mphunzitsi wa ku Chadiza kapena kalaliki wa ku Lundazi angathe kuphunzira osasiya ntchito.

Kutsidya kwa malire, m'dziko la Malawi, koleji ya Polytechnic ya ku Blantyre inasanduka Malawi University of Business and Applied Sciences mu 2021. Potsatira lamulo la mu 2022, sukulu ya Malawi Institute of Management ya ku Kanengo, mumzinda wa Lilongwe, inaphatikizidwa ndi ya Staff Development Institute ya ku Mpemba ndi kupanga Malawi School of Government, yophunzitsa utsogoleri ndi kayendetsedwe ka ntchito. Kuchokera ku Chipata, mzinda wa Lilongwe uli pafupi kwambiri kuposa Lusaka.

Chitsanzo chodziwika m'Africa yense ndi cha a Fred Swaniker a ku Ghana. Iwo pamodzi ndi anzawo anatsegula African Leadership Academy mumzinda wa Johannesburg mu 2008, sukulu yolandira achinyamata ochokera m'maiko osiyanasiyana a mu Africa. Mu 2015 anatsegula African Leadership University pa chilumba cha Mauritius, ndipo mu 2016 anayambitsa sukulu ya zamalonda mumzinda wa Kigali, m'dziko la Rwanda. Masukuluwa amaika utsogoleri ndi kuyambitsa bizinesi pakati penipeni pa maphunziro awo, ndipo mawu awiriwa tsopano akupezeka pa zikwangwani za masukulu ambiri.

Zimene zimaphunzitsidwa

Phunziro loyamba ndi kusunga mabuku a ndalama: kulemba zonse zolowa ndi zotuluka tsiku ndi tsiku, ndiponso za anthu amene atenga katundu pa ngongole.

Lachiwiri ndi kuwerengera mtengo weniweni wa katundu. Tiyerekeze kuti mayi wina wagula matumba 10 a nshawa kumudzi pa mtengo wa K500 thumba limodzi, ndipo akuwagulitsa pa msika wa Kapata pa K600. Poyang'ana mwamsanga aganiza kuti wapindula K1,000. Koma ngati walipira K400 ya galimoto ndi K200 ya masaka, onyamula katundu ndi msonkho wa pamsika, phindu lake ndi K400 yokha. Thumba limodzi likachita chuku ndi kutayidwa, mayiyo waluza K200 ngakhale kuti matumba ena onse agulidwa. Amalonda ambiri amagwa m'njira imeneyi, katundu akuyenda bwino koma mpamba ukutha.

Lachitatu ndi kudziwa msika: ndani akufuna katunduyu, pa nyengo iti, ndipo opikisana nawo akugulitsa pa mtengo wanji. Chimanga chimatsika mtengo nthawi yokolola ndi kukwera chakumapeto kwa chaka mpaka miyezi ya njala. Wodziwa kusunga bwino mbewu amapindula ndi kusiyana kumeneku.

Lachinayi ndi ngongole. Wophunzira amaphunzitsidwa kuwerengera chiwongoladzanja ndi kuyerekeza ngongole ya ku banki, ya banki ya m'mudzi, chilimba ndi kaloba. Amaphunziranso kulemba pulani ya bizinesi, chikalata chimene obwereketsa ndalama amafuna kuona.

Lachisanu ndi malamulo. Dzina la bizinesi kapena kampani imalembetsedwa ku bungwe la PACRA, nambala ya msonkho imatengedwa ku Zambia Revenue Authority, ndipo chilolezo chochitira malonda chimachokera ku khonsolo. Popanda mapepala amenewa bizinesi siingapikisane nawo pa ntchito zoperekedwa ndi boma kapena makampani aakulu.

Lachisanu ndi chimodzi ndi kukonzekera tsoka. Mu February 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala cha chaka chimenecho chinali ngozi yogwera dziko lonse. Mbewu zinauma m'minda, madzi anachepa ku Kariba, ndipo magetsi anali kuzima kwa maola ambiri pa tsiku. Eni zigayo, owotcherera zitsulo ndi ometa tsitsi anaona okha kufunika kosunga ndalama yapadera ndi kusadalira malonda amodzi.

Utsogoleri umene ukunenedwa

Utsogoleri si nkhani yachilendo kum'mawa. Achewa ali ndi Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, m'boma la Katete, ndipo Angoni ali ndi Mfumu Yaikulu Mpezeni. Mwambo umafuna kuti mfumu imve nduna zake isanagamule mlandu, pakuti mutu umodzi susenza denga.

M'sukulu ya zamalonda utsogoleri umakhudza zinthu zooneka ndi zowerengeka. Wapampando wa kopaletivu ayenera kuitanitsa msonkhano wa pachaka, kuwerenga lipoti la ndalama pamaso pa mamembala ndi kulola kuti mabuku afufuzidwe ndi munthu wapadera. Wapampando, mlembi ndi msungichuma ayenera kukhala anthu atatu osiyana, ndipo ndalama siyenera kutuluka ku banki ndi siginecha ya munthu mmodzi.

Mwini bizinesi amaphunzira kulemba ntchito munthu chifukwa cha luso lake, kumulipira pa nthawi yake ndi kumugawira udindo. Amaphunziranso chinthu chovuta m'chikhalidwe cha kuno: kuthandiza achibale popanda kutsegula kabati ya sitolo nthawi iliyonse pakagwa maliro kapena ukwati. Njira yophunzitsidwa ndi yakuti mwini bizinesi azidzilipira malipiro a pamwezi, ndipo thandizo la achibale lizichokera m'malipiro amenewo.

Nkhani ina ndi ya wolowa m'malo. Masitolo, zigayo ndi mabasi ambiri amatha mwini wake akamwalira, chifukwa zonse zinali m'mutu mwake ndipo achibale amagawana katundu. Lamulo la mu 1989 lonena za chuma cha munthu womwalira wosasiya wilo limateteza mkazi kapena mwamuna wamasiye ndi ana, koma silingapulumutse bizinesi yopanda mabuku. Kulembetsa kampani, kulemba wilo ndi kuphunzitsa wolowa m'malo ndi mbali ya utsogoleri.

Kodi maphunzirowa amathandizadi?

Funsoli lafufuzidwa m'maiko angapo, ndipo yankho lake likudalira mtundu wa maphunziro.

Mumzinda wa Lomé, m'dziko la Togo, akatswiri a World Bank ndi a mayunivesite anagawa amalonda ang'onoang'ono pafupifupi 1,500 m'magulu atatu. Gulu loyamba linaphunzira maphunziro a zamalonda a masiku onse. Lachiwiri linaphunzitsidwa kudziyambira zinthu lokha: kufunafuna njira zatsopano, kuoneratu mavuto ndi kusabwerera m'mbuyo zinthu zikavuta. Lachitatu silinaphunzitsidwe kanthu. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2017, zinasonyeza kuti pa zaka ziwiri phindu la gulu lachiwiri linakwera ndi 30 peresenti. La gulu loyamba linakwera ndi 11 peresenti, mlingo wochepa moti ofufuzawo sanathe kutsimikiza kuti unabwera ndi maphunziro.

Kafukufuku wina wa ku Dominican Republic, wosindikizidwa mu 2014, anayerekeza maphunziro athunthu a kuwerengera ndalama ndi malangizo apafupi, monga kusunga ndalama ya bizinesi ndi ya panyumba m'malo awiri osiyana. Malangizo apafupiwo ndiwo anasintha kwambiri kachitidwe ka amalonda, makamaka amene sanapite patali ndi sukulu.

Zimenezi zikusonyeza kuti maphunziro amene amagwira ntchito ndi amene wophunzira angawayese pa malonda enieni tsiku lotsatira. Zikusonyezanso kuti si aliyense amene afunika digiri ya zaka zinayi. Kwa wogulitsa pa msika wa Saturday kapena wonyamula anthu pa njinga, maphunziro a masabata owerengeka angakhale okwanira. Digiri imafunika kwambiri kwa amene adzayendetsa makampani, mabanki, makopaletivu aakulu ndi maofesi a boma.

Mwayi umene uli ku Chipata

Chipata inakwezedwa kukhala mzinda mu February 2017, ndipo ndi mzinda wachisanu m'dziko pambuyo pa Lusaka, Ndola, Kitwe ndi Livingstone. Njanji yochokera ku Mchinji inafika mu 2010, ndi kulumikiza mzindawu ndi njira yopita ku doko la Nacala ku Mozambique. Mu December 2022, atsogoleri a Zambia ndi Malawi anatsegula chipata cha Mwami ndi Mchinji chokonzedwa mwatsopano, pamene apaulendo ndi amalonda amaonetsa mapepala awo pamalo amodzi m'malo mwa awiri.

Bungwe la COMESA lili ndi ndondomeko yopeputsira amalonda ang'onoang'ono odutsa malire, imene inayamba kugwira ntchito pakati pa Zambia ndi Malawi mu 2010. Katundu wopangidwa kapena wolimidwa m'maiko awiriwa, amene ali pa mndandanda wogwirizana ndipo mtengo wake sukupitirira madola 2,000 a ku America, amadutsa ndi mapepala osavuta. Wamalonda wosadziwa ndondomekoyi amadzera njira zamtchire ndi kuika katundu wake pachiswe popanda chifukwa.

Mumzindamu mulinso makampani amene angakhale zitsanzo zophunzirira. Bungwe la COMACO, limene linayamba mu 2003 m'chigwa cha Luangwa, limagula nshawa, mpunga, uchi ndi soya kwa alimi amene alonjeza kusamalira nthaka ndi kuleka kupha nyama zakutchire, ndipo limagulitsa zakudyazo ndi dzina la It's Wild! Kampani ya Good Nature Agro, imene inayambira ku Chipata mu 2014, imagwira ntchito ndi alimi ang'onoang'ono ochulukitsa mbewu za mtundu wa nyemba. Onse awiri anamanga malonda awo pa mbewu zomwe alimi a kum'mawa analima kuyambira kale, ndipo chimene anawonjezera ndi dongosolo, kukonza katundu ndi kupeza msika.

Pa nkhani ya mpamba, lamulo la mu 2006 linakhazikitsa bungwe la Citizens Economic Empowerment Commission lobwereketsa ndalama kwa nzika. Mu 2021 boma linakhazikitsa unduna woona za mabizinesi ang'onoang'ono ndi apakati. Thumba la chitukuko la CDF linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022, ndipo mu 2025 linafika pa K36.1 miliyoni. Gawo lina la ndalamazi limapita ku ngongole ndi thandizo la magulu a amayi, achinyamata ndi makopaletivu, ndipo lina limalipirira achinyamata maphunziro a luso.

Ndalama zotere zimafuna anthu odziwa kuziyendetsa. Ngongole ikapanda kubwezedwa, gulu lotsatira pa mndandanda limasowa chobwereka. Zimene zinachitikira makopaletivu a mu 1965 zikukumbutsa kuti mpamba woperekedwa kwa gulu lopanda mabuku ndi atsogoleri okhulupirika sukhalitsa.

Zoyenera kufufuza fizi isanalipidwe

Choyamba ndi kulembetsedwa kwa sukulu. Mayunivesite ndi makoleji a maphunziro apamwamba amayang'aniridwa ndi Higher Education Authority, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2013, ndipo masukulu a ntchito zamanja amalembetsedwa ku TEVETA. Mabungwe onse awiri amatulutsa mndandanda wa masukulu ovomerezeka.

Chachiwiri ndi kuvomerezedwa kwa phunziro lenilenilo. Sukulu ingakhale yolembetsedwa koma phunziro lina limene ikupereka lisanavomerezedwe. Bungwe la Zambia Qualifications Authority ndilo limasunga kaundula wa maphunziro ovomerezeka ndi kutsimikizira mapepala, kuphatikizapo ochokera ku maiko ena monga Malawi. Wofuna kukhala katswiri wowerengera ndalama ayeneranso kufunsa ngati phunzirolo likuzindikiridwa ndi bungwe la ZICA.

Chachitatu ndi aphunzitsi ndi kaphunzitsidwe. Kholo kapena wophunzira ali ndi ufulu wofunsa ngati pakati pa aphunzitsi pali amene anayendetsapo bizinesi, ngati ophunzira amatumizidwa kukaphunzira ntchito m'makampani, ndiponso ngati amayambitsa malonda aang'ono akali pasukulu. Ndi bwinonso kufunsa kumene ali ophunzira amene anatsiriza zaka zapitazo.

Chachinayi ndi mtengo wonse. Pamwamba pa fizi pali malo ogona, chakudya, mabuku, ndalama ya mayeso ndi ya intaneti. Banja liyenera kuwerengera zaka zonse za maphunziro, pakuti wosiyira panjira amataya ndalama ndi nthawi yomwe. Ofuna thandizo la CDF amayambira ku komiti ya chitukuko ya m'wadi yawo, pamene ngongole za ophunzira a m'mayunivesite a boma zimaperekedwa ndi Higher Education Loans and Scholarships Board.

Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Amalonda alipo kale ku Chipata, pa msika wa Kapata, ku Down Shops ndi pa chipata cha Mwami, ndipo mbewu zogulitsa zikulimidwa chaka ndi chaka. Ntchito ya masukulu atsopano idzaoneka pa kuchuluka kwa makopaletivu amene akuwerenga malipoti a ndalama pamaso pa mamembala awo, ngongole zimene zikubwezedwa, ndi mabizinesi amene akupitirira kuyenda eni ake oyamba atapuma.